Mayi wosaka ziwanda amene alibe womusiyira mwana

Carpe Demon ndi buku la Chingerezi lomwe analemba Julie Kenner wa ku America, ndipo linatuluka mu 2005. Langali ndi la salaula, la kwa abambo ena oyala mabuku pansi kufupi ndi msika wa Kapata. Masamba achita chikasu koma onse alimo.

Mwini nkhani ndi Kate Connor, mwana wamasiye amene anakulira ku Rome m'manja mwa Forza Scura, gulu lachinsinsi la ku Vatican losaka ziwanda. Ntchitoyo anaisiya kalekale nakakhala m'tauni yongopeka ya San Diablo ku California. Mwamuna wake woyamba anamwalira. Wachiwiriyu, Stuart, ndi loya amene akufuna mpando pa chisankho, ndipo za mbiri ya mkazi wake sadziwa ngakhale kamodzi. Ana alipo awiri: Allie wa zaka 14 ndi Timmy wa zaka 2.

Ziwanda za m'bukuli zili ndi malamulo ake. Zimalowa m'thupi la munthu pa nthawi imene akutsirizika, achibale n'kumasangalala kuti wachira modabwitsa. Zimadziwika ndi fungo loipa la m'kamwa, madzi odalitsidwa amaziwotcha, ndipo pofuna kuthana nazo umabaya m'diso. Basi, palibe zambiri zoti uloweze.

Pamene ndinaseka mpaka misozi ndi koyambirira. Stuart waimba foni kuti madzulo omwewo kubwera alendo olemekezeka kudzadya. Kate ali pa kalikiliki, chiwanda n'kuswa windo n'kumugwera m'nyumba. Wachipha, inde, koma mtembo auika kuti? Akuukokera m'kachipinda kosungira zakudya, n'kusesa magalasi, n'kuyamba kudera nkhawa kuti chakudya sichinapse. Usiku wonse akumwetulira alendo uku diso lili pa chitseko chija. Mayi aliyense amene anauzidwapo mochedwa kuti “kubwera anzanga a kuntchito” pamene m'nyumba muli ndiwo za anthu anayi okha adziwa kuti pa mavuto awiriwo lalikulu silinali mtembo.

Mphamvu ya bukuli ndi imeneyo. Kumenya ziwanda Kate amatha. Chomusautsa ndi nthawi: ndani atsale ndi Timmy, ndani akatenge Allie, thewera lisinthidwe liti. Koma apa pomwe ndi pamene ine wa ku Chipata ndinkagwedeza mutu. Kwathu ku Mchini vuto la womusiyira mwana likanatha pa tsamba lachitatu. Amake Dalitso a nyumba yoyandikana akanangoti, “Amake Timmy, mubwere naye kuno, pitani.” Chimene chikanakanika ndi chinsinsicho. Windo lisweke madzulo, anthu a m'komboni osatulukira? M'mawa mwake anyamata a njinga zonyamula anthu akanafikitsa nkhaniyo ku Saturday Market, apongozi n'kuimva tiyi asanawire. Komanso Kate amabisa poopa kuti anthu amuyesa wopenga. Kuno ukanena kuti waona chiwanda palibe akutsutse, akufunsa kuti kwa ndani, kenako wina athamangira abusa.

Zondibowa zilipo. Stuart ndi wogona mopitirira. Mkazi akubwera ndi mikwingwirima, iye maganizo ali pa kampeni. Pakati pa buku nkhani imazizira, masamba ambiri n'kuthera m'galimoto ndi m'masitolo. Ndipo munthu woipa weniweni ndinamuganizira kale wolemba asanamuulule, ngakhale sindinena kuti ndani. Amene ananditsitsimula ndi Laura, mnzake wa Kate, ndi Eddie, nkhalamba yopanda mlomo wabwino imene nayo inali mlenje wa ziwanda.

Chingerezi chake n'chosavuta, wa Giredi 12 awerenga bwinobwino, kungoti nthabwala zina ndi za moyo wa ku America ndipo zimangodutsa. Si buku loopsa. Ndinkaliwerenga ndi tochi ya foni magetsi atazima, tulo n'kubwera bwinobwino. Amene salola kuti ziwanda ndi madzi odalitsidwa zilowe m'nthabwala asaligule, liwakwiyitsa. Enanu mukalikonda, lotsatira lake ndi California Demon la mu 2006, koma muyambe ndi ili chifukwa lachiwirilo limaulula zomwe zinachitika m'loyamba.