Chipiku, Sana kapena kukwera ya Lilongwe? Zomwe ndaona ine wa golosale pa Dedza

Anzanga a magolosale ndi inu ogula za pamwezi, funso ili limabwerabwera, eti kukaoda kuti komwe munthu ungatsaleko ndi kangachepe. Ine ndili ndi kagolosale kanga kuno ku Dedza, zaka zingapo ndithu, ndiye ndingonena zomwe ndaona, wina akatsutsa atsutse.

Ndiyambe ndi Shoprite poti ndi yomwe ana amaikonda. Shoprite siinabwerepo ku maboma ngati kwathu kuno, iwo nzeru yawo inali yoti shopu ikhale imodzi yaikulu mu mall mumzinda, monga Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndiye iweyo wa ku Dedza uziwatsata. Kuchoka pa boma kufika Lilongwe ndi makilomita 80 ndi kanthu pa M1, uwerengere minibasi kupita ndi kubwera, kondakitala akulipitsenso katundu, kabaza wa ku depoti, chips cha masana, ndiye ka pulomoshoni kaja kakuti mafuta ophikira atsika mtengo kathera panjira. Zabwino zake zinalipo sindikana, mitengo yalembedwa pa shelefu palibe zonenerera, nyama ili mu fuliji yaukhondo, buledi wotentha, komanso zinthu zina zoti kuno sungazione, ma cheese ndi ma spice aja azimayi a makeke amafuna. Koma katundu wambiri wotere ngochokera ku South Africa, amafuna forex, ndipo forex mukudziwa mmene yavutira. Kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, kenako 44% mu November 2023, munthu wogulitsa mu kwacha koma akuoda mu rand mutu umamuwawa. Sindinadabwe mu 2025 atalengeza kuti akugulitsa mashopu awo a ku Malawi, paja ku Kenya, Uganda ndi Nigeria anali atachokako kale. Kwa ine kumeneko kunali kopita pa Khirisimasi kapena ukakhala ndi zochita zina mtauni, osati kokapikula.

Game nayo chimodzimodzi, shopu ija ya kampani ya Massmart ya ku South Africa, kumeneko ndi kwa fuliji, TV, ketulo, zinthu zogula kamodzi pa zaka zisanu. Ine fuliji ya mafirizesi ndinakagula mtauni chifukwa ndimafuna risiti ndi waranti, koma sopo ayi.

Tsopano Chipiku. Awa anasewera mpira wina, mmalo modikira kuti anthu abwere mtauni iwo anapita kwa anthu, maboma ndi ma trading centre ambiri Chipiku umaipeza. Shopu yake ya ku boma siyokongola ayi, simenti pansi, makatoni kuunjika mpaka kudenga, koma cholinga chake ndi ifeyo oodafe. Belo la shuga, katoni ya sopo, mchere, machesi, makandulo, Sobo, zinthu zoyenda msanga zomwe zambiri nzopangidwa konkuno. Phindu lawo pa chinthu chimodzi ndi lochepa koma amadyera kuchuluka. Ndipo taonani kuchenjera kwake, ataona kuti a mtauni akufuna trolley ndi ma shelefu owala anatsegula Chipiku Plus, kukalimbana ndi Shoprite kwawo komweko, pamene kumudzi kuno akugwirabe ndi holoselo. Miyendo iwiri. Chomwe muyenera kudziwa nchakuti ku holoselo kusankha nkochepa, ukafuna mtundu wakutiwakuti wa mafuta odzola mwina supeza, utenga omwe alipo.

Sana ndimaiona ngati ili pakatikati. Ndi cash and carry komanso supamaketi nthawi imodzi, ungagule paketi imodzi ungagule katoni, ndipo katundu wake ngosakaniza kwambiri, zakudya, mapoto, mapulasitiki, zidole. Ndikapita ku Lilongwe ndimalowamo kuyerekeza mitengo ndi ya kuno, zina zimatsika zina zimakwera, palibe shopu yomwe ndinaipeza yotchipa pa chilichonse. Mashopu akuluakulu onsewa amatsitsa dala zinthu ziwiri zitatu zomwe aliyense amadziwa mtengo wake pamtima, shuga, mafuta, mpunga, kuti ulowe, ukalowa trolley imadzadza ndi zina zomwe mtengo wake sunaufufuze. Si kuba ayi, ndi bizinesi, nanenso ndimatero ndi mchere pa golosale panga.

Achikulire mukukumbuka PTC, People's Trading Centre ija. Kuyambira nthawi ya Kamuzu People's ndiye inali shopu, ya Press Corporation, pafupifupi boma lililonse inalipo ndipo mwana ukamutuma ku PTC amasamba kaye. Inali ndi Metro ya holoselo, kenako Spar mtauni, kutanthauza kuti malo inali nawo kuposa wina aliyense. Koma inayamba kuluza chaka ndi chaka, ngongole kwa ma supplier, mashelefu kuyamba kuoneka mbee, mpaka Press inaigulitsa kwa Tafika Holdings mu 2022. Ine phunziro langa pamenepo ndi la shelefu. Kasitomala akabwera kawiri osapeza shuga kachitatu sabweranso, amakazolowera khomo lina, ndipo supplier ukachedwa kumulipira lole yake imangodutsa. Nthawi ija shuga anasowa mu 2024, anthu kuima pamzere, mashopu kumagulitsa mapaketi owerengeka pa munthu, amene anali ndi shuga wa Illovo kapena wa Salima ndi amene anali mfumu, kukongola kwa shopu kunalibe ntchito.

Koma pali opikisana nawo ena omwe mabwana a mtauni sawawerengera. Choyamba ma holoselo a anthu wamba a pa boma pompano. Mtengo nthawi zina umaposa wa Chipiku pang'ono, koma amakudziwa, ukaperewera amati tengani mayi mudzamalize Lachisanu, ndipo mnyamata wawo amakunyamulira mpaka pa siteji. Chenjerani pokha ndi madeti, ine holoselo ina (sinditchula) inandigulitsa katoni ya mabisiketi otsala milungu iwiri kuti athe ntchito, ndinazindikira ndili kunyumba, theka anadya ana anga. Kuyambira pamenepo katoni ndimatsegula pomwepo.

Chachiwiri ndi msika. Za ndiwo zamasamba musataye nthawi ndi supamaketi, ife tili pa gwero. Lizulu, Bembeke, Chimbiya, Tsangano turn-off, kachewere, kabichi, tomato, anyezi, karoti, magalimoto a ku Lilongwe ndi Blantyre amadzapikula konkuno, ndiye iwe ukwere basi kukagula mbatatesi yomweyo itaikidwa mu pulasitiki ndi sitika? Komanso malire ali pafupi, pa Lizulu ukangodumpha msewu uli ku Mozambique, ndiye katundu wa kumeneko amapezeka mmisika yathu, kutchipa kwake kumatengera mmene kwacha yaimira ndi metical sabata imeneyo.

Ndiye ine ndimapanga chonchi. Shuga, sopo, mchere, mafuta, ndimayamba ndafunsa ku Chipiku kenako ma holoselo awiri, mafoni atatu basi, ndipo ndimatenga komwe kwatsika pokhapokha ngati ndalama yaperewera, apo ndimapita kwa ondikongoza. Lilongwe ndimapita kamodzi pa miyezi iwiri, tikasonkherana anthu atatu anayi kuhaya Sienta imodzi kuti transport igawike, ndipo ndimapita ndi list, chomwe sichili pa list sindigwira ngakhale chilembedwe special ndi zilembo zofiira. Ulendo wathawu ndinaphwanya lamulo langa lomwe, ndinatenga makatoni awiri a juwisi wa pulomoshoni mwezi wa June, kuzizira kwa Dedza mukukudziwa, mpaka pano katoni imodzi ikadali pansi pa kauntala.