Phewa langa, jakisoni ndi lamba wa mphira: mmene zilili patatha miyezi

Lamba wa mphira wa Theraband amene a fiziyo (achipatala ophunzitsa mafizo) anandiuza kuti ndigulire phewa langa mvula isanayambe ndikumugwiritsabe ntchito mpaka pano, anthu atakolola kale. Amathandizadi, koma amachedwa moti munthu wosapirira angamuponye m'kabati mwezi woyamba usanathe.

Ndine mphunzitsi, ndipo phewa lamanja linayamba kundizunza polemba pamwamba pa bolodi. Usiku ndikagonera mbali imeneyo ndinkadzuka ndi ululu wotsikira kumkono. Chodabwitsa n'chakuti pokweza mkono cha m'mbali, poyambira sipankawawa, pamwamba penipeni panalinso bwinoko, koma pakatipa, kuyambira madigiri 60 mpaka 120, ndiye panali moto. Ekisire sinaonetse kanthu, pajatu imaona mafupa osati misempha. A fiziyo anandiuza kuti nditambasule mikono, zala zazikulu zitaloza pansi, iwo n'kumakankhira pansi. Mkono wamanja unagonja msanga. Sikani ya ultrasound inangotsimikiza zimene iwo anaona kale ndi manja: msempha wa supraspinatus, womwe umalumikiza mnofu ndi fupa paphewa, unang'ambika pang'ono, osaduka wonse.

Msemphawu ndi umodzi mwa inayi yomwe madokotala amaitcha rotator cuff. Inayo ndi infraspinatus, teres minor ndi subscapularis. Minofu yake imachokera pafupa lakumbuyo kwa phewa, misempha n'kukutira mutu wa fupa la mkono kuti usamasewere m'malo mwake. Supraspinatus ndiye amavulala kawirikawiri, chifukwa amadutsa pampata wopanikizika pansi pa fupa la pamwamba pa phewa.

Jakisoni wa steroid ndinabayidwa kamodzi. Sindimunyoza, anandibwezera tulo. Koma ntchito yake n'kuziziritsa kutupa basi, sasoka chilichonse, ndipo patapita masabata ululu unayamba kubwerera. Adokotala anakana kumangobwereza, ati jakisoni wapafupipafupi amafooketsa msempha womwewo. Amene muli ndi matenda a shuga muwauziretu, chifukwa amakweza shuga kwa masiku angapo. Ibuprofen, mankhwala ochepetsa ululu, naye ndinamusiya msanga, m'mimba simunkamufuna.

Ndiye tifike pa lambayu. Mitundu yake si yokongoletsa ayi: wachikasu ndi wofewa, wofiira wolimbirako, kenako wobiriwira ndi wabuluu. Ndinayambira wachikasu, nditamumanga pachogwirira chitseko. Chigongono chili m'nthiti, kathaulo kopinda kukhwapa, n'kumatembenuzira dzanja kunja pang'onopang'ono. Kenako kukokera kumbuyo mikono yonse, mapewa akuyandikana kumsana. Zokhazo, mobwerezabwereza, zotopetsa ngati kusankha mpunga. Masabata oyambirira sindinkaona kusintha kulikonse, ndipo ana kunyumba ankaseka kuti mayi akulimbana ndi chitseko. Choyamba kubwerera chinali tulo, kenako kumanga duku popanda kukwinya nkhope, kenako bolodi. Pano ndili pa wobiriwira. Lamulo limene a fiziyo anandipatsa landithandiza kuposa lamba weniweniyo: kuwawa pang'ono pochita mafizo n'kololedwa, koma ululu ukagona mpaka mawa, ndiye kuti wapyola muyezo, bwerera pa wofewa.

Kukhalitsa kwa lambayu n'kwapakatikati. Mphira ameneyu sagwirizana ndi dzuwa ngakhalenso kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Wofiira anayamba kumata, kenako timing'alu m'mbali, tsiku lina n'kuduka pafupi ndi mfundo. Muzimuyang'ana musanayambe kukoka, ndipo musamukokere kumaso. Mnzanga wina kusukulu akugwiritsa ntchito chubu chakale cha njinga. Chimagwira ntchito ndithu ndipo ndalama sizituluka, koma n'cholimba kwambiri kwa phewa lomwe langoyamba kumene, komanso simungadziwe kuti mwakwera sitepe iti.

Kodi msempha unalumikizana? Mwina ayi. Ming'alu yotereyi nthawi zambiri siitsekeka yokha, ndipo anthu ambiri opitirira zaka 60 ali nayo osamva ululu uliwonse. Chimene mafizo amachita n'kulimbitsa minofu yozungulira kuti igawane katunduyo. N'chifukwa chake sindinabwererenso kukalipira sikani ina. Ingandiuze chiyani chimene mkono sukundiuza kale?

Koma lambayu si wa aliyense. Ngati munagwa panjinga kapena kunyamula chinthu cholemera phewa n'kumveka kuti thwa, kuchokera pamenepo mkono osakwezekanso, musataye miyezi ndi chitseko. Msempha woduka wonse umabwerera m'mbuyo ukachedwa, n'kuvuta kuusoka. Kaonaneni ndi madokotala a mafupa, monga a kuchipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre. Dziwaninso kuti opaleshoni si njira yachidule: mkono umakhala wokolekedwa masabata 4 mpaka 6, kuchira kumatenga theka la chaka kapena kuposa, ndipo lamba yemweyu mumakamupezabe kutsogoloko.

Ineyo chomwe chatsala n'kunyamula ndowa yodzaza kuika pamutu, ndi kugonera kumanja usiku wonse. Ndikajomba mafizo sabata yathunthu, phewa limayambanso kulemera, choncho wabuluu ndagula kale.