Ndinalemba ganyu mlembi wa nkhani za chilengedwe ndi magetsi a dzuwa: mmene ntchito yake inayendera

Shopu yanga ili ku Old Town, pafupi ndi msika waukulu wa Lilongwe, ndipo ndimagulitsa mapanelo a sola, mabatire, nyali zoyendera dzuwa komanso mbaula zosatha nkhuni zambiri. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikufotokozera makasitomala ndi pakamwa pokha, mmodzimmodzi, mpaka mawu kusasa, choncho ndinaganiza zofuna munthu wodziwa kulemba kuti andikonzere nkhani zitatu zoika pa Facebook ndi kapepala kamodzi kogawira anthu obwera pashopu. Amene ndinamusankha ndi mlembi woima payekha, wosalembedwa ntchito ndi nyuzipepala iliyonse, ndipo dzina lake ndilisunga, chifukwa chimene ndikufuna kukamba ndi ntchito imene anandigwirira.

Chinandikopa ndi kuchuluka kwa malo amene dzina lake limapezeka pa intaneti. Ukalilemba pa Google, pamabwera nkhani zake pamasamba a mabungwe olimbikitsa kusamala chilengedwe, pamasamba a makampani ogulitsa zipangizo za sola, ngakhalenso m'magazini akunja okamba za kusintha kwa nyengo. Ndinawerengako zisanu ndisanamuimbire foni. Ina inali yofotokoza malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021 ndipo amapanga mamegawati 60, pamodzi ndi a ku Golomoti a mamegawati 20, amene ali ndi mabatire osungira magetsi. Ina inakamba za namondwe wotchedwa Ana, amene mu Januwale 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, zimene tonse a mumzinda uno tinaziona ndi maso pa kuzimazima kwa magetsi kwa miyezi yambiri. Manambala amene ndinatha kuwatsimikiza anali olondola, ndipo sanasokoneze ntchito ya EGENCO, yopanga magetsi, ndi ya ESCOM, yowagawa, monga amachitira ena.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinaziona koma sindinaziganizire mokwanira. Nkhani ziwiri mwa zisanuzo zinali nkhani imodzi yongosinthidwa mutu ndi ndime yoyamba, ndipo zonse zinali m'Chingerezi cholembera munthu wa ku London, moti ina inatha ndime yonse ikufotokoza kumene dziko la Malawi lili. Panalibe ngakhale imodzi ya m'Chichewa. Ine ndinatengeka ndi kuchuluka kwa masamba, n'kuiwala kudzifunsa ngati munthu ameneyu analemberapo mayi wa ku Chinsapo kapena telala wa ku Kawale, amene ndiwo amagula katundu wanga.

Pa kafukufuku ndi pa chilungamo, mlembiyu ndilibe naye chifukwa. Sanavomere kulemba ali kunyumba; anabwera kudzakhala pashopu m'mawa wonse wa Loweruka, akumvetsera mafunso a makasitomala ndi kuwalemba m'kope lake. Pakati pa mfundo zimene ndinamupatsa panali imodzi imene ndakhala ndikuinena kwa zaka, yakuti batire ya 100Ah (nambala yosonyeza kuchuluka kwa moto umene batire imasunga) imayendetsa filiji, wailesi yakanema ndi mababu usiku wonse popanda vuto. Atawerenga, anandiyang'ana n'kunena mwaulemu kuti, "Mayi, mundikhululukire, koma chiganizo ichi sindingachilembe mmene chililimu, chifukwa wogula akadzakhumudwa adzabwerera kwa inu, osati kwa ine." Kenaka anatenga cholembera n'kundiwerengera pa chikatoni. Batire ya mavoti 12 ndi 100Ah imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 a ola limodzi, koma ikakhala ya asidi, monga zambiri zimene anthu amakwanitsa kugula, siyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mwiniwake akufuna kuti ikhalitse, ndiye kuti zogwiritsadi ntchito ndi pafupifupi 600 zokha, ndipo zina mwa izo zimatayikira mu inveta, chipangizo chimene chimasandutsa moto wa batire kukhala magetsi ngati a m'nyumba. Anawonjezera kuti panelo ya mawati 100 siipereka mawati 100 tsiku lonse, koma kwa maola ochepa amene dzuwa lili paliwombo, ndipo m'nyengo ya mvula kapena ikadzaza fumbi la mwezi wa Okutobala imapereka zochepa kwambiri. Zimenezi ndinkazidziwa mwapatalipatali, koma ndinali ndisanazionepo zitaikidwa m'njira yoti wogula angathe kudziwerengera yekha. Nkhani imene inachokera pamenepa, yothandiza munthu kuwerengera zipangizo za m'nyumba mwake asanasankhe batire, ndiyo yabwino kuposa zonse zimene anandilembera, ndipo inalangizanso anthu kuti azifunsa ngati wodzawaikira sola ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno.

Vuto linabuka pa nkhani ya mbaula. Zimene anatumiza koyamba zinali zodzaza ndi mawu amene mabungwe opereka thandizo amakonda kumva, za mpweya woipa wa mlengalenga ndi za kupulumutsa dziko lapansi, ndipo Chichewa chake chinkamveka kuti anayamba waganiza m'Chingerezi n'kumadzatembenuza liwu ndi liwu. Ndinaiwerengera mtsikana amene amandithandiza pashopu, ndipo asanafike pakati anandifunsa kuti kodi nkhaniyo ikugulitsa chiyani. Mayi amene amabwera kudzafunsa Chitetezo Mbaula, mbaula ya dongo yosatha nkhuni zambiri, amabwera chifukwa mtengo wa makala ndi nkhuni wamulemera, utsi ukumuwawa m'maso, ndipo mwana wake akutsokomola. Za mlengalenga zimabwera pambuyo ngati zibwera n'komwe. Ndinamubwezera nkhaniyo ndi mawu amenewa, ndipo ndiyenera kumuyamikira kuti sanakwiye kapena kufuna ndalama zina. Yachiwiri inayambira kukhitchini, pa mphika wa nyemba, n'kufotokoza mmene dongo lowotcha limasungira kutentha ndi chifukwa chake nkhuni zochepa zouma zimakwanira, ndipo itafika pa nkhalango ya Dzalanyama inaigwirizanitsa ndi madzi a pampopi, popeza mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu, umayambira m'nkhalango imeneyo. Munthu wa ku Area 25 amene waimapo pamzere ndi chigubu mipopi itauma amaimva mfundo imeneyi popanda womumasulira.

Tinasiyana maganizo pa ndime imodzi. Iye anafuna kufotokoza mwatsatanetsatane lamulo la nkhalango limene linakonzedwanso mu 2020, lomwe linakhwimitsa zilango kwa opanga ndi ogulitsa makala opanda chilolezo. Zimene analemba zinali zoona, koma ine ndinaona kuti kapepala ka pashopu sikayenera kumveka ngati kakuloza chala munthu amene waphikira makala m'mawa womwewo chifukwa alibe njira ina. Tinagwirizana zosiya chiganizo chimodzi chokha, ngakhale ndikuganiza kuti mpaka lero iye amaona kuti ndinaifewetsa nkhaniyo mopitirira.

Pa kusunga nthawi sanachite bwino. Analonjeza milungu iwiri, ntchito inatha patadutsa pafupifupi inayi, ndipo kawiri konse chifukwa chimene anapereka chinali chakuti magetsi anazima kompyuta isanadzaze moto. Ndinaseka ndekha nditazindikira kuti munthu wolemba za sola m'mayiko ambirimbiri analibe ngakhale kapanelo kamodzi padenga pake. Mauthenga a pa WhatsApp ankayankha, koma nthawi zina patapita masiku awiri, ndipo ndinaona kuti ntchito za makasitomala akunja ndizo zinkatsogola.

Mtengo anayamba kuutchula m'madola, ponena kuti ndi mmene amalipiridwira ndi akunja, ndipo poganizira kuti ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sindinamuone ngati wadyera. Komabe ine ndimagulitsa m'makwacha, choncho tinamvana mtengo wa m'makwacha, theka ndinalipiriratu pa Airtel Money ndipo theka lina nditalandira ntchito yonse. Sunali mtengo wotsika kwa shopu yaing'ono ngati yanga, koma kubwereza nkhani ya mbaula ndi m'mawa wonse umene anakhala pashopu zinali momwemo.

Chimene chinandipweteka chinadza patapita mwezi. Mnzanga wina ananditumizira nkhani ya m'Chingerezi imene anaipeza patsamba lina la za mphamvu ya dzuwa, ndipo nditaiwerenga ndinapeza kuti ndi nkhani yanga ija ya mabatire, chitsanzo cha filiji chili momwemo, mafunso a makasitomala anga ali momwemo, dzina la mlembiyo lili pamwamba koma la shopu yanga palibe paliponse. Nditamufunsa, anayankha kuti sitinapangane kuti nkhaniyo ikhala yanga ndekha, ndipo pamenepo ananena zoona, chifukwa zonse tinangokambirana pakamwa. Apa m'pamene ndinamvetsa mmene dzina lake limafalikira pamasamba ambiri chonchija: ntchito imodzi imagulitsidwa kawiri kapena katatu. Anavomera kupempha eni tsambalo kuti awonjezere dzina la shopu, ndipo anachitadi patapita masiku angapo.

Kwa amene ali ndi bizinesi ya sola, ya gasi kapena ya mbaula ndipo akufuna zolemba zosanamiza ogula, mlembi ameneyu ndi woyenera kumuganizira, koma mumupemphe kaye chitsanzo cha m'Chichewa ngati owerenga anu ndi a kuno, ndipo mulemberane pepala lonena tsiku lomalizira ntchito ndi mwini wake wa nkhaniyo ikatha. Kapepala ka mabatire kali pakauntala panga tsopano, ndipo makasitomala ena amabwera atalemba kale kumbuyo kwake zipangizo za m'nyumba mwawo. Ndamuuza kuti mwezi wamawa tikambirane nkhani ya masilinda a gasi, ndipo pepala la mgwirizano ndalikonza kale, likudikira kuti adzasaine.