Fyuluta ya mpweya ya K&N: yabwino pa tala, pa fumbi samalani

Fyuluta ya K&N ndi nsalu ya thonje yothiridwa oyilo wofiira, yopanidwa pakati pa mawaya. Ubwino wake ndi woti imachapidwa, simuitaya ngati yapepala. Koma pa injini yaing'ono ngati 1NZ-FE ya malita 1.5, yomwe ili mu Corolla, Sienta ndi Probox zambiri, musayembekezere zodabwitsa. Mphamvu yowonjezera ndi yochepa moti ambiri saimva n'komwe.

Yoyenera kudziikira nokha pakhomo ndi yafulati, ya nambala yoyamba ndi 33, yomwe imalowa m'bokosi momwe munali yapepala. Pitani ndi yakale kokagula mukayerekeze, chifukwa galimoto za ku Japan nthawi zina zimasiyana bokosi ndi zinzake za dzina lomwelo. Zimitsani injini, masulani makilipi a chivundikiro, chotsani yakale, n'kupukuta m'bokosimo ndi kansalu konyowa. Yatsopano imabwera ndi oyilo kale, musawonjezere. Onetsetsani kuti labala ya m'mphepete yakhala bwino mbali zonse. Chivundikiro chikakana kutseka musachikakamize, ndiye kuti fyuluta yapendekera, ndipo kampata kakang'ono kokha kamalowetsa fumbi losasefedwa.

Fyuluta ina, yosongoka, yomangidwa kumapeto kwa payipi ya mpweya m'malo mwa bokosi, imaoneka bwino mukatsegula boneti, basi. Ikakhala yopanda chotchinga imakoka mpweya wotentha wa injini, womwe uli ndi okosijeni wochepa. Mukaitsitsa kufupi ndi bampala imapeza mpweya wozizira, koma nthawi ya dzinja imamwa madzi a m'zithaphwi. Madzi safinyika ngati mpweya, choncho akalowa mu silinda amapinda konrodi, chitsulo chomwe chimagwira pisitoni.

Ambiri amalakwitsa pochapa. Gwiritsani ntchito kiti ya K&N yomwe, osati petulo kapena palafini. Poperani mankhwala ochapira mbali zonse, dikirani mphindi 10 asanaume, kenaka tsukuluzani ndi madzi oyenda pang'onopang'ono kuchokera mbali yoyera kupita yakuda, kuti litsiro lituluke momwe linalowera. Musapite nayo pa makina a car wash kapena kuipopa ndi kompulesa, thonje limabooka. Iume yokha mpaka iti gwa. Oyilo muthire mzere umodzi pamsana pa khwinya lililonse, dikirani mphindi 20 kuti afalikire, n'kudonthetsera pang'ono pomwe patsala poyera. Ikafiira paliponse, kwatha.

Oyilo akachuluka amauluka ndi mpweya n'kukamata pa kawaya ka sensa ya MAF, yomwe imayeza mpweya wolowa mu injini ndipo ili pa payipi kuseri kwa bokosi. Sensa ikada imawerenga mpweya wocheperapo kuposa womwe ukulowa, kompyuta n'kupereka petulo wochepa. Galimoto imayamba kunjenjemera pa idle (injini ikulira galimoto itaima), imazengereza mukaponda, ndipo pa dashibodi pamayaka check engine, kawirikawiri ndi kodi ya vuto P0171 kapena P0101. Pa Toyota zimenezi sensa imagwidwa ndi masikuluwu awiri. Zulani pulagi, itulutseni, ipopereni ndi MAF cleaner, isiyeni iume. Kawayako musakakhudze ndi chala kapena thonje, kamaduka msanga, ndipo carb cleaner ndi yaukali kwambiri pa pulasitiki yake.

Nanga fumbi? K&N amati fyuluta yafulati ikhoza kuyenda makilomita masauzande ambiri isanachapidwe, koma amanena za misewu yabwino ya tala. Mpweya umadutsa wambiri chifukwa timabowo ta thonje ndi tokulirapo kuposa ta pepala, ndipo chogwira fumbi ndi oyiloyo. Akauma, fumbi lonona limadutsa n'kumakadya ma ring a pisitoni ndi makoma a silinda. Galimoto yoyenda m'tauni ndi pa M1 ingaigwiritse ntchito bwino, bola muziitsegula pa sevisi iliyonse n'kupisa chala m'payipi kuseri kwake. Chala chikatuluka ndi fumbi, bwezeretsani yapepala. Yoyenda misewu yadothi ya kumudzi m'miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala ingokhala ndi yapepala ya Toyota kapena Denso, muziisintha pafupipafupi.