Chithokomiro chikafooka: levothyroxine kapena zitsamba za Ayurveda?

Ife amene chithokomiro chathu chinafooka timadziwana: kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo, kunenepa osadya zambiri, tsitsi kuthothoka, tulo tosatha. Ndiye wina akati ku India kuli zitsamba zake, timatchera khutu.

Levothyroxine ndi homoni yomweyo imene chithokomiro chikulephera kupanga, yotchedwa T4. Piritsi limodzi m'mawa m'mimba mulibe kanthu, kenako kudikira theka la ola musanamwe phala. Mapiritsi a ayironi kapena kashiamu azitalikirana nalo maola anayi. Dokotala akasintha mlingo, TSH, homoni ya m'magazi imene imakwera chithokomiro chikafooka, imayezedwa pakatha masabata 6 mpaka 8. N'zoona kuti kutsatira zonsezi n'kotopetsa, ndipo ambiri timamwa moyo wonse.

Ku Ayurveda, njira yamakolo yochiritsira ya ku India, mankhwala otchuka ndi awiri. Kanchanar guggulu amaperekedwa pa chotupa cha pakhosi, chimene iwo amati galaganda. Winayo, amene wadzaza pa intaneti, ndi muzu wa ashwagandha. Uwu subweretsa homoni m'thupi, akuti umangokankha chithokomiro kuti chilimbikire. Kafukufuku wa ku India wofalitsidwa mu 2018 anapezadi kuti TSH inatsika mwa omwe ankamwa mamiligalamu 600 pa tsiku. Koma taonani: anthu anali 50 okha, masabata anali 8, ndipo onse vuto lawo linali longoyamba kumene. Nanga amene chithokomiro chake chinachotsedwa pa opaleshoni, kapena chinawonongedwa ndi matenda a Hashimoto (pamene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi chithokomiro), muzuwo ukankha chiyani?

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi za m'botolomo. Piritsi la levothyroxine lolembedwa mamaikilogalamu 50 limakhala 50. Zitsamba n'zina. Mu 2008 ofufuza a ku America anayeza mankhwala a Ayurveda ogulidwa pa intaneti, ndipo pafupifupi amodzi mwa asanu alionse anali ndi poizoni wa mtovu, mekyule kapena aseniki. Ashwagandha wavulazapo chiwindi cha anthu ena, amayi oyembekezera amaletsedwa, ndipo dziko la Denmark linaletsa kumugulitsa mu 2023.

Ena amaphatikiza zonse ziwiri mwakachetechete, osauza dokotala. Pamenepo homoni ikhoza kupyola muyezo: mtima kugunda ngati ng'oma, manja kunjenjemera, thukuta usiku. Ine ndinatsalira pa piritsi langa. Za ku India zimene ndinatengako ndi yoga, ndipo imandithandiza msana, osati TSH.