Kuwongola ndi kudula mapu a raster: QGIS, ArcGIS Pro, GDAL kapena GRASS?

Mapu akale a 1:50,000 a kuno ku Nkhotakota amadukira pa mzere wa madigiri 13 kummwera. Boma lili papepala lina, nyanja ya Chia ili papepala lapansi pake. Tsono ukafuna kuona msewu wa M5 kuchoka paboma mpaka pamlatho wa Chia pa chithunzi chimodzi, palibe kuchitira mwina, uyenera kulumikiza mapepala awiri. Ntchito imeneyi inandigwera mwezi wathawu, pomwe tinkafuna kuyerekeza madambo a mpunga momwe analili kale ndi momwe akuonekera lero pa zithunzi za setilaiti za Sentinel-2. Mapepalawo anakawasikana ku Lilongwe komwe kuli makina aakulu, ndipo amene anawalowetsa m'makinamo, limodzi analiika mopendeka. Nditawatsegula onse awiri, mphepete yoyera ya pepala lakumtunda, ija yokhala ndi sikelo ndi malemba, inakhalira midzi ya papepala linzake. Mapu osikana otere ndi raster, ndiye kuti chithunzi chopangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono totchedwa pixel. Pofuna kuwawongola ndi kuwadula ndinayesa mapulogalamu anayi a mapu, QGIS, ArcGIS Pro, GDAL ndi GRASS, ndipo nazi zomwe ndinapeza.

Ndiyambe ndi kutembenuza, chifukwa ambirife timasokonekera pomwepa. Tikamati "tembenuza mapuwo" timatanthauza zinthu zitatu zosiyana. Choyamba n'kutembenuza maonekedwe okha. Mu QGIS, m'munsi mwa sikirini muli kabokosi ka Rotation, ndipo mu Print Layout mulinso Map rotation. Ukalembamo madigiri, mapu onse amazungulira pamaso pako koma fayilo siikhudzidwa. Ngati cholinga n'kungofuna kuti gombe la nyanja ligone bwino papepala la A3 lopita nalo kumsonkhano kwa a mfumu, imani pomwepo, koma musaiwale kamuvi koloza kumpoto. ArcGIS Pro nayo imachita zomwezi mu map frame. Apa palibe woposa mnzake.

Chachiwiri n'kusintha manambala 6 omwe amauza pulogalamu pomwe chithunzi chikukhala padziko. Tsegulani ndi Notepad kafayilo ka .tfw kapena .jgw komwe kamayenda limodzi ndi chithunzi, mupezamo mizere 6. Woyamba ndi wachinayi ndi kukula kwa pixel, iwiri yomaliza ndi malo a pixel ya pangodya yakumtunda kumanzere, ndipo wachiwiri ndi wachitatu ndiyo yosunga kupendeka. Kawirikawiri iwiriyi imakhala 0. Njira imeneyi ndi yaukhondo, poti timabokosi ta chithunzi timakhala momwe tinachokera m'makina. Vuto lake n'lakuti si pulogalamu iliyonse yomwe imalandira fayilo yotero. GRASS imakana poyera: chida chake cholowetsera mafayilo, r.in.gdal, chikaona raster yopendeka chimakuuza kuti uyambe wakaiwongola ndi gdalwarp, chida cha GDAL.

Chachitatu ndiye kuumba chithunzi chatsopano, pixel iliyonse n'kuwerengedwanso. ArcGIS Pro ili ndi chida cha ntchito yokhayi, dzina lake Rotate. Umachipatsa madigiri, njira ya resampling (kawerengedwe ka ma pixel atsopano), ndi malo ozungulirapo. Ukasiya malowo osalemba, chimazungulira pangodya yapansi kumanzere, ndipo mapu onse amasuntha ngati chitseko pa mahinjesi, choncho lembani pakati pa chithunzi ngati simukufuna kukawafunafuna m'nyanja. QGIS ilibe batani lotero. Poyamba ndinkaona ngati n'kuperewera, koma nditagwira ntchitoyi ndinasintha maganizo. Ndani amadziwa kuti pepala lake lapendeka ndi madigiri angati enieni? Ine ndinangoganizira kuti mwina 2, ndinalembamo 2, ndipo mlatho wa Chia unakagwera pamadzi. Chomwe ndinkafuna sikunali kutembenuza ayi, kunali kukhomera pepala pamalo ake enieni padziko.

Imeneyo ndi ntchito ya Georeferencer. M'ma QGIS akale muipeza pansi pa Raster, kuyambira 3.26 inasamukira pansi pa Layer. Umadina pomwe mizere ya gridi yapingasana papepala, n'kulemba manambala a m'mphepete, ndipo kupendekako kumadziwerengera kokha. Chenjerani ndi mtundu wa transformation. Linear imangosuntha ndi kukulitsa, siitembenuza, ndipo ndinataya nayo theka la ola ndikudabwa chifukwa chomwe pepala silikuwongoka. Helmert imatembenuza, ndipo imayamba ndi madontho 2. Polynomial 1 imafuna 3 ndipo imakonzanso pepala lomwe latamuka mbali imodzi kuposa inayo, zomwe zimachitika ndi mapepala okhalitsa m'kabati muno mwachinyezi mwathu. Imeneyi ndi yomwe inandithandiza, ndi madontho 12 omwazikana pepala lonse. Polynomial 2 imafuna 6, Polynomial 3 imafuna 10, koma izi zimapinda mapu m'mbali momwe mulibe madontho, ndipo kum'mawa kwa mapepala athuwa ndi madzi okhaokha. ArcGIS Pro ili ndi tabu ya Georeference yochita zofanana, ndipo ndivomereze kuti kukoka chithunzi ndi mbewa n'kumachiona chikusuntha kumakoma kumeneko kuposa mu QGIS. Wofuna zoterozo mu QGIS aike pulagini ya Freehand Raster Georeferencer, ngakhale ine sindingaidalire pa ntchito yoyeza malire a minda.

Kanthu kamodzi musanadine dontho loyamba: werengani m'munsi mwa pepala. Mapu akalewa gridi yake ndi UTM zone 36 (gridi yoyeza malo m'mamita) pa datum ya Arc 1950 (datum ndi maziko oyezera malo padziko), yomwe nambala yake m'mapulogalamu ndi EPSG:20936, pomwe Sentinel-2 ndi GPS ya m'foni zili pa WGS 84, ndiye kuti EPSG:32736 tikakhala mu UTM. Mukalemba manambala a papepala ngati kuti ndi a WGS 84, mapu aphonya ndi mamita oposa 100, ndipo kaya mutembenuze motani sadzakumana.

Za resampling ndinene mwachidule. Pepala la 1:50,000 losikanidwa pa 300 dpi, pixel imodzi imaimira mamita opitirira pang'ono 4 padziko. Mukasankha nearest neighbour mizere ya makontuwa imatuluka ngati mano a sowo, cubic imaisalaza. Koma ngati fayilo ndi ya mitundu yowerengeka ya palette, kapena ndi mapu a magulu monga nkhalango, dambo ndi munda, gwiritsani nearest yokha. Pakati pa gulu 2 ndi gulu 4 bilinear, yomwe imasakaniza ma pixel oyandikana, idzakupangirani gulu 3, mupeze mzere wa mpunga pomwe nkhalango yakumana ndi madzi. Dziwaninso kuti chithunzi chotembenuzidwa chimanenepa, poti fayilo iyenera kukhalabe ya ngodya zinayi zowongoka. Chithunzi cha mbali zofanana chikatembenuzidwa madigiri 10 chimakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, pa madigiri 45 chimawirikiza kawiri, ndipo zowonjezerazo ndi ngodya zakuda zopanda mapu.

Tsopano kudula. QGIS ili ndi zida ziwiri pansi pa Raster, Extraction. Clip raster by extent imadula bokosi lowongoka, ndipo kuseri kwake kuli gdal_translate ndi -projwin. Ndi yachangu, ndipo pochotsa kachigawo ka Nkhotakota pa chithunzi cha Sentinel-2 cha makilomita oposa 100 mbali iliyonse, kuti laputopu ipume, palibe yoiposa. Koma pa mapepala anga inalephera, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa. Chimango cha mapu akalewa chimatsata mizere ya latitude ndi longitude, osati gridi ya UTM. Mzere wapakati wa zone 36 uli pa madigiri 33 kum'mawa, ife tili kupitirira 34. Kusiyanako kumachititsa kuti kumpoto kwa gridi ndi kumpoto kwenikweni kupatukane ndi pafupifupi madigiri 0.3 kuno. Kakuoneka kochepa, koma pa pepala la makilomita 27 ndi mamita pafupifupi 140. Ndiye ngakhale uwongole mwaluso chotani, pepala limakhalabe lopendeka pang'ono mu UTM, ndipo n'kolondola kutero. Ukadula bokosi, mbali ina imatsala ndi kamphepete koyera kosongoka ngati mphanje, mbali ina wadya mapu. Mnzanga wina ataona zimenezi anafuna kutembenuzanso kuti chimango chiwongoke. Ndinamuletsa, chifukwa akanapendeketsa midzi yonse pofuna kukongoletsa mphepete.

Mankhwala ake ndi Clip raster by mask layer. Jambulani polygon yotsata chimango, makamaka polemba ngodya zake zinayi m'madigiri monga zalembedwera papepala, pa datum yomweyo ya Arc 1950, n'kudula nayo. Chongani Create an output alpha band kuti kunja kwa chimango kuoneke mbee. Ena amaika nodata, nambala yotanthauza kuti pamalopo palibe kanthu, kukhala 0 kapena 255, koma pa mapu osikana 0 ndi inki yakuda ya maina a midzi, 255 ndi pepala loyera, choncho mudzaboola mapu anu omwe. Nodata isiyireni DEM, raster ya kutalika kwa malo, monga SRTM ya mamita 30, komwe nambala ngati -9999 singasokonezeke ndi kutalika kwa malo.

ArcGIS Pro nayonso ili ndi ziwiri. Clip Raster imapezeka kwa aliyense, ndipo ukachonga Use Input Features for Clipping Geometry imatsata polygon. Pali kabokosi kena ka Maintain Clipping Extent komwe anthu amachonga poganiza kuti n'kabwino, chonsecho kamawerengetsanso ma pixel kuti akwanire ndendende m'bokosi lako. Pa DEM yowerengera komwe madzi a Bua kapena Kaombe angasefukire, ine sindikachonga. Extract by Mask imadula bwino koma imafuna laisensi ya Spatial Analyst pamwamba pa ija ya pulogalamu. Ndinayesera zonsezi pa kompyuta ya mnzanga wa kubungwe lina, zotsatira zinali zabwino, palibe chodandaula. Funso n'lakuti kodi ndalama ya laisensi chaka ndi chaka, komanso kompyuta ya Windows yamphamvu, zilipo? Kwa ambiri a ife kuno yankho mukulidziwa.

GRASS, yomwe inayamba mu 1982 m'manja mwa asilikali a ku America, imaganiza mwa mtundu wina. Siidula fayilo. Umaika g.region ndi r.mask, ndipo chilichonse chomwe uwerengere chimathera m'malire amenewo, fayilo yoyamba ili chikhalire. Powerengera madzi oyenda m'chigwa ndi yabwino zedi. Polumikiza mapepala awiri osikana, ndi kupha nyerere ndi nkhwangwa, ndinaisiya msanga.

Yomwe ndinakhazikika nayo ndi GDAL yeniyeniyo, polemba lamulo mu OSGeo4W Shell yomwe imabwera limodzi ndi QGIS pa Windows:

gdalwarp -t_srs EPSG:32736 -cutline chimango.gpkg -crop_to_cutline -dstalpha -r cubic -co COMPRESS=DEFLATE chia.tif chia_yodula.tif

Mzere umodziwu ukusintha datum, ukudula, ukuikanso alpha nthawi imodzi. Phindu lake si changu chokha. Nthawi iliyonse yomwe chithunzi chadutsa mu resampling malemba amafufutika pang'ono, ndipo amene watembenuza, n'kudzasintha projection, n'kudzadulanso mosinthitsa ma pixel, pomaliza dzina la mudzi amachita kuliwerenga motsinzinira. Wofuna kuti chidutsemo kamodzi kokha angathe kukhomera madontho aja pa sikani yoyamba ndi gdal_translate -gcp, ndipo Georeferencer ili ndi batani la Generate GDAL Script lomwe limakulemberani zimenezo, inu n'kungowonjezera -cutline. Ngakhale zida zodulira zija za QGIS zimaonetsa lamulo lake m'munsi mwa windo musanadine Run. Ine ndinaphunzira pokopera pamenepo n'kumasunga mu Notepad. Tsiku lomwe magetsi anathima ntchito ili pakati, batire la laputopu n'kutha, sindinayambirenso kudinadina, ndinangomata mizere yanga madzulo atayaka. Ndipo disiki ikadzaza, ikani -of VRT, mupeza kafayilo kakang'ono kongoloza ku chithunzi choyamba, bola osachisuntha pomwe chili.

Choipa cha GDAL n'chakuti siikuonetsa kanthu mpaka itamaliza, ndipo ukaphonya chilembo chimodzi imangokulavulira uthenga wa Chingerezi chouma. Mtsikana yemwe akuphunzira ntchito kwathu kuno anayang'ana windo lakudalo n'kunena kuti, "Bwana, izi ndiye za achina hacker, ine ndidinabe mabatani." Ndinamulola, poti mabatani a QGIS akuitana GDAL yomweyo. Ndinangomupempha kuti madontho aziyamba ndiwo, kudula kuzibwera pambuyo, ndipo mafayilo a .points, osunga madontho aja, aziwasunga pamodzi ndi masikani. Mapepala awiri aja anakumana pa mzere wa madigiri 13, M5 inalumikizana popanda khwawa, ndipo sabata ino wayamba yekha pepala la ku Dwangwa.