Wailesi ya masipika awiri ndi sabuufa: nyenyezi zitatu, koma ogulitsa anandichititsa manyazi

Ndakhala ndi wailesi iyi kwa miyezi inayi, ndipo ndinachedwa dala kulemba ndemanga kuti mtima uyambe wakhala pansi, chifukwa ndikanalemba sabata yoyamba ija mukanawerenga zonyoza zokhazokha. Ndi ija ya masipika awiri ndi sabuufa (sipika yaikulu yotulutsa besi) yomwe yadzaza m'masitolo a ku Limbe, yolembedwa 4000W ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni. Pamwamba pa mtengo wake, ogulitsa anandilipiritsanso ndalama ina yoti mnyamata wawo adzandilumikizire kunyumba, ati ndikalumikiza ndekha galanti yatha.

M'sitolomo anandiyesera ndi nyimbo imodzi yokha, ya besi yambiri, voliyumu ili pamapeto, kunja maminibasi akuimba mahutala. Nditapempha kuti atsitse ndimve mawu a munthu akulankhula pa FM, wogulitsayo anaseka n'kunena kuti, "Madala, iyi ndi ya mphamvu, simudzadandaula." Kulakwa kwanga n'koti ndinachita manyazi kuumirira.

Masiku oyamba ndinkamva kuti mawu sakutuluka bwino, koma ndinkadzilimbitsa mtima kuti mwina makutu sanazolowere. Zenizeni zinaoneka Loweruka lomwe apongozi anga anabwera kuchokera ku Ntcheu pamodzi ndi amayi awiri a kwaya ya kumpingo kwawo. Anabweretsa nyimbo zomwe kwaya yawo inajambulitsa, ndipo mayi a kunyumba anali atawauza kale pafoni kuti tagula wailesi yatsopano, choncho onse anakhala pabalaza mwachidwi kudikira kuti adzimve okha akuimba. Ndinalumikiza foni ndi waya, foniyo ili pachaja chifukwa batire linali litatsala pang'ono kutha, ndipo nyimbo isanayambe n'komwe masipika anayamba kung'ung'uza ngati njuchi zatsekeredwa mu mtsuko. Nyimbo itayamba, mawu a oimba anamveka opyapyala ndi akutali, ngati akuimbira tsidya lina la mtsinje, ndipo mtsogoleri wa nyimbo, yemwe ndi apongozi anga omwewo, sankadziwika kuti ali mbali iti. Ndinakweza voliyumu poganiza kuti zithandiza, koma apo m'pamene sabuufa inayamba kugunda, matambula a m'kabati akulira, galasi la zenera likunjenjemera, mawu a anthu atamira pansi pa phokoso lonselo. Apongozi sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa motsitsa mawu, koma mokwanira kuti ndimve, kuti, "Kodi imeneyi ndi kwaya yathu yomwe ija?" Mmodzi mwa amayi aja anatulutsa kafoni kake kakang'ono n'kuyatsa nyimbo yomweyo, ndipo ndikuvomereza kuti pa kafoniko mawu ankamveka bwino kuposa pa katundu amene ndinamutayira ndalama zanga. Ndinatuluka panja ngati ndikukaona makala pa mbaula.

Lolemba m'mawa ndinapita kusitolo kuja ndi lisiti. Wogulitsa yemwe uja, amene tsiku logula ankandiitana madala uku akumwetulira, anandilankhula maso ali pafoni yake. Poyamba anati vuto ndi magetsi a kwathu, kenako anati ndaotcha sipika pokweza voliyumu, ndipo pomaliza anandilozera mawu a pansi pa lisiti oti katundu akagulidwa sabwezedwa. Ndinamukumbutsa kuti bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza eni masitolo za mawu oterewa, ndipo m'pamene anadzutsa mutu n'kulonjeza kuti atumiza mnyamata wawo Lachitatu. Lachitatu limenelo silinafike mpaka lero, ndipo nambala yomwe anandipatsa imangoitana osayankhidwa.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wokonza mawailesi pamsika wa kwathu, yemwe anavomera kubwera kunyumba madzulo ataweruka. Sanamasule n'komwe wailesiyo. Anamvetsera kwa mphindi imodzi, n'kugwada kuseri kwake, n'kundiitana kuti ndidzaone ndi maso anga. Pa sipika ya kumanja, waya wofiira unali pa malo ofiira ndipo wakuda pa malo akuda, koma pa ya kumanzere mnyamata wa kusitolo uja anali atawasinthanitsa. Bamboyo anazula mawaya a sipika iliyonse n'kuwakhudzitsa pa batire laling'ono la tochi la 1.5V, kuti ndione mmene pepala la sipika limadumphira kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo malingana ndi mbali imene waya waikidwa. Anandifotokozera kuti sipika imodzi ikamakankha mpweya pamene inzake ikukoka, mawu omwe amayenera kutuluka mofanana mbali zonse ziwiri amafafanizana, n'chifukwa chake oimba ankamveka opyapyala ndi osowa malo. Atabwezera mawaya awiriwo m'malo mwake, mawu a apongozi anaima pakati penipeni pa masipika, ngati aimirira pabalaza pomwepo. Ntchito ya mphindi ziwiri, yomwe ndinalipirira kale anthu ena kuti aichite molondola.

Kung'ung'uza kuja kunali kochokera ku chaja yotchipa yomwe ndinagula pamsewu, chifukwa titangoizula pafoni phokoso linatheratu, ndipo pa Bluetooth silimveka n'komwe. Pamenepa sindingaimbe mlandu wailesi kapena sitolo. Sabuufa nayo mnyamata uja anaiika pamwamba pa kabati ya mbale, pakona penipeni, pomwe makoma awiri amaonjezera besi mpaka kumeza zina zonse. Tinaitsitsira pansi, kuisunthira kutali pang'ono ndi khoma, n'kuchepetsa besi kufika theka. Popeza pabalaza pathu ndi pa simenti ndipo nyumba ilibe siling'i, bamboyo analangiza kuti tiyale kapeti kapena mkeka ndi kutseka makatani tikamamvera nyimbo, kuti mawu asamabwerere kuchokera pansi ndi pamagalasi. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani chabe, koma kusiyana kwake kumamveka ngakhale kwa ana.

Za 4000W zija bamboyo anaseka kwambiri. Anandionetsa timawu tating'ono ta PMPO pambali pa nambalayo, tomwe timatanthauza mphamvu ya pamwamba penipeni ya kamphindi kochepa chabe, kenako anatembenuza sabuufa n'kundiwerengera chomata cha kumbuyo, pomwe palembedwa kuti wailesi yonseyo imadya magetsi okwana 60W pa 230V. Chinthu chomwe chimalandira 60W kuchokera pa soketi sichingatulutse mawu a mawati masauzande kwa nthawi yoti khutu n'kumva. Nambala yoyenera kufunsa ndi ya RMS, yosonyeza mphamvu imene wailesi imatulutsa mosalekeza, yomwe pa katoni iyi sinalembedwe paliponse, ndipo ndikukhulupirira kuti wogulitsa uja amadziwa bwino chifukwa chake amangoloza nambala yaikuluyo.

Tsopano popeza zinthu zili m'malo mwake, ndiyenera kunena chilungamo kuti wailesiyo payokha si yoipa monga ndinkaganizira. Voliyumu ikakhala pansi pa theka, mawu a anthu amamveka oyera, nkhani za pa FM zimamveka bwino mukatambasula waya wa eriyo mpaka pazenera, ndipo nyimbo za magitala ndi za kwaya zimakoma mokwanira pa chipinda cha kukula ngati chathu. Mukapitirira theka, masipika ang'onoang'ono aja amayamba kusweka mawu, makamaka oimba akakweza, choncho amene akufuna yoimbira pa chinkhoswe kapena pabwalo asadzivute nayo. Ndazindikiranso kuti siibisa zolakwika za nyimbo yomwe mwaipatsa. Nyimbo zobena pamsika za 128 kbps (muyeso wa kuchuluka kwa deta ya nyimbo pa sekondi iliyonse) kapena kutsika apo, ndi zija zojambulidwa ndi foni n'kutumizirana pa WhatsApp, zimamveka zosakhwima, pamene nyimbo yomweyo ya 320 kbps pa fulashi imamveka yodzaza. Rimoti yake ndi yofooka, imafuna kuti muloze molunjika, ndipo mawaya a masipika ndi aafupi kwambiri moti ndinachita kugula ena.

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Imodzi ndachotsa chifukwa cha bodza la pa katoni, ina chifukwa cha kusweka kwa mawu voliyumu ikakwera. Sitoloyo ikanakhala ndi malo akeake operekera nyenyezi sindikanaipatsa ngakhale imodzi, chifukwa ndalama yolumikizira ija sanandibwezere, ndipo bambo wa kumsika ndinamulipira ndi ndalama ina yochokera m'thumba mwanga. Apongozi akubweranso mwezi wamawa kudzaona adzukulu, ndipo ndapempha kale mlamu wanga kuti akanditengere nyimbo za kwaya zija pa fulashi kuchokera kwa amene anazijambula, osati zotumizirana pafoni.